Kalata yotseguka: Lamulo loteteza munthu lifike pomwe limafika lamulo lomumanga

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zachilungamo, Olemekezeka Mkulu wa Majaji, Olemekezeka Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, komanso akuluakulu a Law Commission, Legal Aid Bureau, Malawi Human Rights Commission, MACRA ndi National Statistical Office.

Akuluakulu, landirani moni wanga nonse, ndipo ndapota nanu mundilole ndikutayitseniko nthawi. Ndikudziwa kuti matebulo anu ndi odzaza ndi nkhani zikuluzikulu. Yangayi ndi ya anthu amene safika pa matebulo amenewo.

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala pamalo ena a malonda m'boma la Dedza. Sindine loya. Koma poti ndimawerenga Chingerezi, ndiponso mwana wanga ananditumizira foni yamakono kuchokera ku Joni, khonde langa linasanduka ofesi. Wina amabwera ndi samani ya kukhothi, wina kalata yomuchotsa ntchito, wina pepala la ngongole limene anadindapo chala osadziwa zolembedwamo. Funso lawo ndi limodzi: "Aphunzitsi, kodi boma limati chiyani pamenepa?"

Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi nkhani ya mayi wina amene dzina lake ndisunga. Anakwatiwa chitengwa. Mwamuna wake atamwalira, tsiku lometa lisanafike n'komwe, akuchimuna anayamba kutulutsa katundu m'nyumba: makina osokera, njinga, matiresi, mipando, mpaka mapoto. Anamuuza kuti mwambo ndi umenewo, atenge ana ake azipita kwawo. Anapitadi. Kwa ine anadzafika patapita miyezi isanu, atamva kwa mnzake wa kumvano kuti mwina pali lamulo lokhudza zoterezi. Ndinagula bandulo, ndinakwera pachulu pomwe netiweki imagwira bwino, ndipo ndinalipeza: lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira. Limanena mosabisa kuti katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi kapena mwamuna wamasiyeyo, kuti iye ndi ana ndiwo oyamba kuganiziridwa, ndi kuti kulanda chuma chamasiye ndi mlandu woti munthu atha kulowa nawo m'ndende. Nditamumasulira sanalire. Anangofunsa kuti, "Lamuloli labwera liti?" Nditamuuza kuti lakhalapo zaka zoposa 10, anakhala chete nthawi yaitali. Makina aja anali atagulitsidwa kalekale, ndipo ndi omwewo amene akanamulerera ana.

Gawo 7 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, limati kusadziwa lamulo si chifukwa choti munthu apulumukire pamlandu. Mfundo imeneyi sindikuitsutsa, pakuti ikanapanda kukhalapo, wakuba aliyense bwenzi akuti samadziwa. Koma mfundoyi imabwera ndi ngongole. Boma likauza nzika kuti kaya udziwe kaya usadziwe tikuweruza, boma lomwelo lasenza udindo woonetsetsa kuti lamulolo lafika m'makutu mwa nzikayo, m'chiyankhulo chake, pamtengo woti ingakwanitse. Lero lino lamulo lomanga munthu limamupeza lokha, limafika ndi unyolo mpaka pakhomo. Lamulo lomuteteza ndi limene ayenera kulisakasaka yekha, pachulu, ndi bandulo ya mnzake.

Dandaulo langa loyamba, ndipo ndilo lalikulu, n'lakuti mukuphunzitsa anthu malamulo musanafufuze chimene anthuwo akudziwa ndi chimene chikuwasowa.

Dziko lino kuwerengera limatha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 aliwonse amakhala kumudzi. Chaka ndi chaka alangizi amayenda m'minda kuyerekeza chimanga chimene tikolole. Njala ikamayandikira, boma limadziwiratu kuti m'boma lakutilakuti mabanja ofuna thandizo ndi angati. A National Statistical Office a ku Zomba amafika m'makomo kudzafunsa zimene tadya sabata yathayi, ngati tili ndi chimbudzi, ngati ana amagona m'neti. Zonsezi n'zofunika, ndipo mapulani a boma amatsamira pa manambala amenewa.

Nanga za chilungamo? Mwa mabanja 100 a kwa Kachindamoto, kwa Kyungu kapena kwa Lundu, ndi angati amene m'zaka ziwiri zapitazi anakanganapo za malire a munda? Ndi angati amene anagwira ntchito osalipidwa? Poyamba anathamangira kuti: kwa ankhoswe, kwa nyakwawa, kwa abusa kapena shehe, kupolisi, kuleba? Ndi angati anangosiyira Mulungu, ndipo chinawabweza n'chiyani: mtunda, ndalama ya kabaza, mantha, kapena kusazindikira kuti alakwiridwa? Ndi amayi angati apantchito amene amadziwa kuti lamulo la zantchito la 2000 limawapatsa tchuthi cha masabata 8 akabereka, malipiro awo osadulidwa? Amene ali ndi foni, akakumana ndi vuto amafunsa ndani pafonipo, ndipo yankho limene amapeza limakhala loona kangati? Ngati mayankho a mafunsowa alipo m'makabati mwanu, atulutseni tiwaone. Kafukufuku amene mabungwe amachita ndi wa apa ndi apo, maboma awiri kapena atatu, pa ndalama za abwenzi akunja, ndipo pulojekiti ikatha lipoti lake limagona pashelefu. Anthu amene anayankha mafunsowo samva n'komwe kuti zinapezeka n'zotani.

Si nkhani yachilendo imeneyi. Mu 2020 bungwe la United Nations linawonjezera pa miyeso ya zolinga zachitukuko muyeso wa nambala 16.3.3, wofunsa kuti mwa anthu amene anakhalapo ndi mkangano m'zaka ziwiri zapitazo, ndi angati anafika pamalo pothetsera mkanganowo, kaya ndi khothi kaya ndi bwalo la mfumu. Malawi anavomereza zolinga zimenezo mu 2015 pamodzi ndi mayiko ena. Funso limeneli silingayankhidwe ndi mabuku a kukhothi, chifukwa mabukuwo amangolemba amene afika. Mayi uja mulibemo m'buku lililonse la boma. Pa manambala anu, vuto lake silinachitike.

Pali mbali ina ya kafukufukuyu imene imandikhudza ngati mphunzitsi. M'kalasi sitinkanena kuti taphunzitsa chifukwa choti tayankhula. Tinkapereka mayeso, ndipo ana ambiri akalephera funso limodzimodzi, tinkadziwa kuti wolakwa ndi mphunzitsi, n'kubwereza phunzirolo mwa njira ina. Maphunziro a zamalamulo kwa anthu wamba ndimawaona akuyezedwa ndi chiwerengero cha misonkhano, mayina a pa pepala la obwera, matisheti ndi zitenje zimene zagawidwa. Ndani amabwerera patapita miyezi 6 kukafunsa gogo uja anakhala kutsogolo ngati akukumbukira chilichonse, kapena ngati anachigwiritsapo ntchito? Mwina sewero la pamsika limaposa msonkhano wa masiku atatu kuhotela. Mwina pulogalamu ya pawailesi imaulutsidwa nthawi imene amayi ali kumunda. Zimenezi zimadziwika pofunsa basi. Ana timawauza kuti safunsa anadya phula. Mwaulemu wonse, mwambiwu ndikuupereka kwa inu.

Dandaulo lachiwiri ndi chiyankhulo. Nyumba ya Malamulo imakambirana m'Chingerezi, malamulo amasindikizidwa m'Chingerezi, zigamulo za makhothi zimalembedwa m'Chingerezi. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva. N'zabwino, koma pamenepo munthuyo ali kale m'manja mwa apolisi. Kodi kumuuza m'chiyankhulo chake asanalakwe sikungakhale kotsika mtengo kuposa kumudyetsa kundende? Kalembera yemwe uja wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi anthu 3 mwa 10 aliwonse satha kuwerenga ndi kulemba m'chiyankhulo chilichonse. Mwa otsalawo, ambiri amawerenga bwinobwino Baibulo, buku la nyimbo ndi uthenga wa pafoni, koma Chingerezi cha m'malamulo, chimene chiganizo chimodzi chimadya theka la tsamba, sangachilowe. Ngakhale ife amene tinaphunzitsa Chingerezi timabwereza kawiri katatu.

Taonani zimene mawu amodzi osafotokozedwa bwino achita m'dziko muno. Mawu akuti belo. Kwa anthu ambiri kumudzi, munthu wotuluka pa belo ndiye kuti wagula mlandu. Woganiziridwa kuti waba mbuzi akagwidwa Lolemba, n'kuonekanso pamsika Lachinayi, mudzi wonse umati apolisi adya ndalama. Palibe anawafotokozerapo kuti mlanduwo ukadalipo, kuti munthuyo ali ndi tsiku lokaonekera kukhothi, kuti lamulo limamutenga kuti ndi wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa, ndi kuti mwini mbuzi ayenera kupita kukachitira umboni, apo ayi mlanduwo uthera m'malere. Ulendo wotsatira akagwira wakuba, samupititsanso kupolisi. Amatenga miyala ndi petulo. Timadzudzula mchitidwe umenewu pawailesi, ndipo uyeneradi kudzudzulidwa, koma muzu wake wina ndi phunziro la mphindi 10 limene silinaperekedwe. Chimodzimodzi ndi lamulo la 1911 lokhudza ufiti, limene limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Agogo athu akuphedwa ndi adzukulu awo omwe, pamaso pa mafumu ena amene sadziwa kuti kuitana sing'anga kuti adzasake mfiti m'mudzi ndi kuphwanya lamulo.

Kumasulira kumene ndikunena si kutembenuza liwu ndi liwu. Zotero zimabala Chichewa choti ngakhale mwini wake sangachimve. Kukufunika kukhala pansi maloya, akatswiri a ziyankhulo ndi anthu wamba, n'kugwirizana kuti chakutichakuti tizichitchula motere, kenako n'kukayesa pa anthu ngati akumva. Centre for Language Studies, nthambi yofufuza za ziyankhulo, ilipo ku Zomba kuyambira 1996, pafupi ndi sukulu ya zamalamulo ya University of Malawi. Wailesi ya MBC imawerenga kale nkhani m'Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. Anthu odziwa ntchitoyi alipo.

Dandaulo lachitatu ndi la intaneti. Pano ndiyambe n'kuthokoza. Tsamba la MalawiLII, limene limaika malamulo ndi zigamulo za makhothi poti aliyense awerenge mwaulere, ndi chuma chenicheni, ndipo amene amaligwirira ntchito Mulungu awadalitse. Kale munthu wofuna kuona lamulo ankayenera kupita ku Zomba kapena kukagogoda kwa loya. Koma tisadzinamize kuti poti lamulo lili pa intaneti ndiye kuti lafika kwa anthu.

Masamba otere amathandiza munthu amene akudziwa kale dzina la lamulo limene akufuna, m'Chingerezi. Mayi wamasiye sadziwa dzina la lamulo. Chimene akudziwa n'chakuti "andilanda katundu". Wantchito wam'nyumba akudziwa kuti "andichotsa osandipatsa kalikonse". Khomo liyenera kutsegukira pa mawu amenewo. Chinanso, kafukufuku wa National Statistical Office ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti, wa 2019 anaonetsa kuti ogwiritsa ntchito intaneti sankakwana munthu mmodzi mwa anthu 5. Chiwerengerocho chikukwera, koma foni yofala kumudzi ikadali ya mabatani, yotchajitsa pagolosale ndi ndalama. Amene ali ndi foni yamakono, ambiri amagula mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook okha, amene satsegula masamba ena. Kutsitsa chikalata chachikulu chojambulidwa pamakina, cha masamba 100, kumamaliza mayunitsi a sabata yonse, ndipo chikatseguka zilembo zake n'zoti uzichita kutsinzinira.

Palinso vuto la malamulo akale amene akuyendabe ngati amoyo. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko, n'kuchotsa mpata uja woti mwana wa zaka 15 mpaka 18 atha kulowa m'banja makolo akavomera. Koma makope akale akadali mbwee pa intaneti ndi m'malaibulale, ndipo munthu wamba alibe njira yodziwira kuti chimene akuwerenga chinasinthidwa. Malamulo a malo a 2016 anasinthidwanso mu 2022, pa nkhani imene imadzetsa mikangano yambiri m'midzi kuposa ina iliyonse imene ndimaiona pakhonde panga. Mu 2021 lamulo la zantchito linathetsa utenanti. Kodi mabanja amene amatengedwa pa malole kuchokera ku Mulanje, Phalombe ndi Mangochi kupita kumaesiteti a fodya ku Kasungu, Mchinji ndi Rumphi anauzidwa ndi ndani, ndipo m'chiyankhulo chanji?

Pamene boma lakhala chete, ena amayankhula. Mauthenga a mawu amayenda m'magulu a WhatsApp akunena za "lamulo latsopano" limene kulibe. Madobadoba amadikirira anthu panja pa maofesi n'kuwalipiritsa pa zinthu zaulere. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo lero za m'maluwazo zimafika m'mafoni mazanamazana dzuwa lisanalowe.

Dandaulo lachinayi: zigamulo zikuluzikulu za makhothi zimathera m'makutu a maloya. Mu March 2015, Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa mbandakucha akupita kumsika wa Limbe, pa mlandu umene tonse timaudziwa ndi dzina loti vakabu. Sanagonje. Pa 10 January 2017, majaji atatu a High Court anagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene anamangidwa nalo, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chinali chipambano cha wogulitsa mandasi aliyense wolawirira ku depoti, mlonda aliyense woweruka usiku. Pitani pamsika uliwonse lero mukafunse mavenda 20 ngati anamvapo za chigamulochi. Ufulu umene mwini wake saudziwa sangauitanitse, ndipo amene akumuphwanyira ufuluwo alibe chomuopsa.

Chimodzimodzi ndi lamulo la maola 48, lakuti womangidwa apititsidwe kukhothi nthawi imeneyo isanathe. Chimodzimodzi ndi malire a masiku amene munthu angakhale pa rimandi mlandu wake usanayambe, amene anaikidwa mu 2010, omwe pa milandu ya kwa majisitireti ndi masiku 30. Chimodzimodzi ndi belo ya kupolisi, imene ndi yaulere. Bambo wina wa mudzi woyandikana nafe anagulitsa mbuzi ziwiri kuti atulutse mwana wake m'chitokosi cha polisi ina, ndipo mpaka lero amathokoza kuti anamuchitira chifundo. Nditamuuza kuti sankayenera kulipira kanthu, anaganiza kuti ndikumuseka.

Dandaulo lachisanu limandiwawa chifukwa njira tinaipeza tokha, kuno kwathu. M'chaka cha 2000 ntchito ya maparaligo inayamba m'ndende za dziko lino, imene lero ikuyendetsedwa ndi Paralegal Advisory Service Institute. Anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa bwino, osakhala maloya, ankalowa m'ndende n'kuphunzitsa akaidi a pa rimandi, kudzera m'masewero, mmene angapemphere belo, mmene angayankhulire pamaso pa majisitireti, mmene angachitire apilo. Mayiko ngati Kenya, Uganda ndi Bangladesh anatengera njira imeneyi kwa ife. Mu November 2004 nthumwi za mayiko oposa 20 zinakumana ku Lilongwe n'kugwirizana mfundo za thandizo la zamalamulo mu Africa, ndipo imodzi mwa mfundozo inali yophunzitsa anthu wamba malamulo. Chikalatacho chimatchedwa ndi dzina la likulu lathu, ndipo chinatsegula njira ya mfundo zimene United Nations inavomereza mu 2012. Chonsecho ntchito ngati zimenezi zikudalirabe kwambiri thumba la abwenzi akunja. Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba ntchito mu 2015, yayesetsa kufika m'maboma, koma anthu ofuna thandizo ndi ochuluka kuposa manja ogwira ntchitoyo, ndipo munthu wa kumalire ndi Mozambique ayenera kuyamba wadziwa kuti ofesiyo iliko.

Lomaliza ndi lalifupi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, limene limachokera pa gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko, linasainidwa mu 2017, n'kudikira mpaka pa 30 September 2020 kuti liyambe kugwira ntchito. Ambiri kumudzi amaliyesa la atolankhani okha. Komiti ya sukulu yofuna kudziwa za ndalama za chitukuko cha dera lawo sidziwa kuti lamuloli ndi lakenso.

Tsono, akuluakulu, zopempha zanga ndi izi.

1. National Statistical Office, pamodzi ndi Unduna wa Zachilungamo ndi masukulu a zamalamulo, ichite kafukufuku wa dziko lonse wa mavuto a zamalamulo amene anthu amakumana nawo, zimene amadziwa, kumene amapita, ndi mmene amapezera uthenga, kaya pafoni, pawailesi kapena kwa anthu. Ngati ndalama zikuvuta, mafunsowo alowe m'kafukufuku wa m'makomo amene amachitika kale. Afunsidwe m'ziyankhulo za anthuwo, zotsatira zigawidwe boma ndi boma, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata, okalamba ndi aulumali, osaiwala amene ali m'ndende. Azibwerezedwa pakapita zaka zingapo kuti tiziona ngati tikusuntha. Zotsatirazo zibwerere kwa eni ake kudzera pawailesi ndi m'misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'madera ndi m'midzi, ma ADC ndi ma VDC.

2. Ntchito iliyonse yophunzitsa anthu malamulo, kaya ya boma kaya ya bungwe, iziyesedwa isanayambe ndiponso patapita miyezi 6, ndipo malipoti ake onse, abwino ndi oipa omwe, aziikidwa pamalo amodzi poti aliyense awaone.

3. Lamulo latsopano lililonse lizituluka ndi chidule chake chosapitirira masamba awiri m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi ziyankhulo zina zikuluzikulu, lisanayambe kugwira ntchito. Pa malamulo amene alipo kale, Law Commission iyambe ndi okhudza moyo wa tsiku ndi tsiku: chuma chamasiye, malo, ukwati ndi kutha kwake la 2015, nkhanza za m'banja la 2006, chisamaliro cha ana la 2010, zantchito, ndi ufulu wa munthu womangidwa. Chidule chilichonse chiziyesedwa kaye pa anthu a kumudzi chisanasindikizidwe.

4. Boma liike mu bajeti yake ndalama zosamalira malamulo a pa intaneti, monga limachitira dziko la Kenya kudzera ku bungwe lake la Kenya Law. Gazette, nyuzipepala ya boma yolengeza malamulo, iziikidwa pa intaneti mwaulere tsiku lomwe yatuluka. Lamulo lililonse lizionetsa pamwamba pake tsiku limene linasinthidwa komaliza, ndipo munthu azitha kufufuza polemba vuto lake m'chiyankhulo chake.

5. MACRA ikambirane ndi Airtel ndi TNM kuti masamba a malamulo azitseguka popanda kudya bandulo. Pakhalenso nambala yaulere yoimba, monga ilili 116 ya ana, ndi njira yodina manambala ngati ija timatumizira ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money, kuti wa foni ya mabatani naye apeze yankho. Thumba la ndalama la Universal Service Fund linakhazikitsidwa kuti mauthenga afike kwa osiyidwa m'mbuyo, ndipo awa ndi omwewo.

6. Mawailesi a m'madera, monga Dzimwe, Mudziwathu, Nkhotakota ndi Mzimba, apatsidwe ndalama zoulutsira pulogalamu ya sabata ndi sabata imene anthu aziimba foni n'kuyankhidwa ndi loya kapena paraligo, pa nthawi imene kafukufuku waonetsa kuti anthu amamveradi.

7. Pakhoma la polisi iliyonse, khothi lililonse ndi ndende iliyonse pamatidwe chikalata cha zilembo zikuluzikulu, m'chiyankhulo cha deralo, chonena za maola 48, za belo yaulere ndi kumene munthu angakadandaule. Chigamulo chilichonse chothetsa kapena kusintha lamulo chizifotokozedwa mwachidule kwa anthu pasanathe mwezi, ndipo apolisi a m'madera azilandira uthenga womwewo.

8. Maparaligo azilipidwa ndi boma ndipo apezeke kwa mfumu yaikulu iliyonse. Mafumu, amene amaweruza nkhani zambiri kuposa makhothi, apatsidwe makope a zidule zija ndi maphunziro ake. Malo owerengera a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, ndi masukulu a sekondale akhale ndi makope atsopano, akale achotsedwe.

9. Zonsezi zipezekenso m'zilembo za anthu osaona, m'mawu ojambulidwa ndi m'chiyankhulo cha manja.

Inu amene mukuwerenga kalatayi pafoni, iwerengereni mokweza amayi anu, agogo anu ndi a mfumu anu, ndipo muitumize kwa phungu wa dera lanu.

Kwa inu akuluakulu, lamulo lija la pa 30 September 2020 limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti ofesi ya boma iyankhe munthu wopempha uthenga. Ndikutumiza pempho langa lolemba, lofunsa kafukufuku yense amene muli naye pa nkhaniyi ndi ndalama zimene zinapita ku maphunziro a zamalamulo chaka chathachi. Mayi uja tsopano amagwira ganyu m'minda ya mbatata, ndipo mlandu wake tikuyesa kuutsata ngakhale mochedwa. Ndinamulonjeza kuti mukayankha ndidzamuwerengera. Chonde yankholo mulilembe m'Chichewa, kuti ndikamuwerengere mawu anu enieni, osati omasulira anga.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Dedza.